Zimene Nkhono Anasiya M'kompyuta

Chipinda cha makompyuta cha ophunzira za ziwerengero chinali pamwamba penipeni pa nyumba yansanjika, kumene munthu ankafika ali wefuwefu. Munali makompyuta makumi atatu, koma odalirika anali owerengeka, ndipo yabwino koposa inali ya pawindo, imene mabatani ake anali atafufutika ndi zala. Patsogolo pake panali mipando iwiri: wina wamiyendo yolunga, wina wopendekeka umene ankautchinjiriza ndi pepala lopinda kanayi. Kwa zaka zitatu palibe amene ankayerekeza kukhalapo, pakuti aliyense ankadziwa kuti pamenepo ndi pa Mphezi ndi Nkhono.

Mayinawa anawapatsa ndi anzawo m'chaka choyamba, ndipo sanaphonye. Mphezi anali mtsikana wa mutu wakuthwa ndi zala zosadikira; mphunzitsi asanamalize funso, iye anali atafika kale pakati pa yankho. Nkhono anali mnyamata wamtali, wofatsa, wa magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi, amene ankawerenga mzere umodzi katatu asanadine batani. Anthu ankati Nkhono akayamba kulemba khodi, malangizo olamula kompyuta, ungathe kupita kukameta, n'kudzamupeza ali pamzere womwewo. Iye ankangomwetulira. Mpando wopendekeka uja unali wake, ndipo anausankha yekha.

Sanali pachibwenzi, ngakhale anthu ankatero. Kapena tinene kuti pa awiriwo panalibe amene anali atalimba mtima kutchula dzina la chimene chinalipo. Chimene anatchula chinali chimodzi chokha. Mphunzitsi wamkulu wa gawo lawo, mayi wa imvi zometa amene onse ankangowatcha Adokotala, ankasankha ophunzira awiri chaka chilichonse kuti atsale nawo pa kafukufuku ndi digiri yachiwiri. Tsiku lina ali m'chaka chachiwiri, akupumira pamasitepe, Mphezi anati, “Malo awiri aja ndi athu. Titsala tonse, pawindo pomwepa.” Nkhono anayankha kuti, “Tonse,” ndipo anagawana lalanje limene iye anasenda mwa chizolowezi chake, khungu lonse likutuluka ngati chingwe chimodzi chosaduka.

Chaka chomaliza chinadza ndi phunziro limene aliyense ankaliopa, lozama pa chiyankhulo cha kompyuta chimene akatswiri a ziwerengero amagwiritsa ntchito. Kale ankangolamula kuti werengetsa izi, jambula izo. Tsopano anayenera kudziwa zochitika kunsi kwake, ndi kudzipangira okha mafankishoni, tizidutswa ta malangizo timene umatipatsa dzina kenako n'kumatituma ntchito pongotchula dzinalo.

“Fankishoni ili ngati mayi amene akuphika,” anatero Adokotala m'mawa wina, choko chili m'manja. “Akasowa mchere m'nyumba mwake sasiya kuphika ayi. Amatuluka kukapempha khomo loyandikana nalo. Akausowa pamenepo, amapita khomo lotsatira. Mchere umene wayamba kuupeza ndi umene amathira, osafunsa kuti ndi wa yani. Inuyo, dziwani makomo amene khodi yanu imapemphako. Mukapanda kutero, tsiku lina mudzasamuka n'kudabwa kuti ndiwo zasukuluka.”

Nkhono analemba mawu onsewo m'kope. Mphezi sanalembe kanthu. Anati zimenezo n'zodziwikiratu.

Ntchito yomaliza, imene Adokotala ankasankhira anthu awiri aja, inali yochita awiriawiri. Mphezi ndi Nkhono anapatsidwa kaundula wa masikelo a ana wochokera m'zipatala khumi ndi ziwiri, wa zaka khumi, kuti apange mafankishoni oonetsa mmene ana akukulira. Kutatsala masabata atatu, magulu ena anali atayamba kale kujambula zithunzi zokongola. Nkhono anali adakali pa kaundula, akutsetsereka naye mzere ndi mzere, chala chili pagalasi la kompyuta.

“Iwe, ukuwerenga mwana mmodzimmodzi?” anafunsa Mphezi. “Alipo zikwi makumi anayi!”

“Ndikungofuna ndione mmene anamwino ankalembera. Aliyense ali ndi kalembedwe kake.”

“Kuwerenga ndi ntchito ya kompyuta, yathu ndi kuganiza. Anzathu alowa kale m'nyumba, ife tidakali pakhomo kuvula nsapato.”

“Tifika.”

“Tifika liti? Anthu atamwazikana?”

Kumbuyo wina anaponya mawu akuti mphezi yomangidwa pamsana pa nkhono imasanduka chiphaniphani, ndipo chipinda chonse chinafa ndi phwete. Mphezi anaseka nawo, koma mawuwo anamulowa ngati munga. Masana omwewo anagogoda pa ofesi ya Adokotala.

“Ndikupempha kuti ntchitoyi ndichite ndekha,” anatero. “Mnzanga uja ndi munthu wabwino, koma akundikoka mwendo. Ndiponsotu khodi yonse ndimalemba ndine.”

Adokotala anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. “Wamuuza mwiniwakeyo?”

“Ndimuuza.”

“Chabwino. Koma ukudziwa lamulo langa: tsiku loonetsa, khodi ndimaiyendetsa pa kompyuta yanga, yopanda kanthu ka munthu.”

“Palibe vuto, Adokotala.”

Sanamuuze. Nkhono anaziona yekha m'mawa mwake pa pepala lomata pachitseko: dzina lake pamzere wakewake, la Mphezi pamzere wina. Analowa n'kukhala pampando wake wopendekeka.

“Akaunti yathu ija yolowera m'kompyutayi ukhale nayo iweyo, zonse zili momwemo,” anatero Nkhono. “Ine nditsegula ina. Ungondipatsa kanthawi nditengemo zanga.”

Mphezi anaima pawindo, akuyang'ana madenga a nyumba zapansi, uku akumva mabatani akulira pang'onopang'ono kumbuyo kwake. Anadabwa kuti kukopera mafayilo awiri kungatenge mphindi makumi awiri, koma anati ndi Nkhono ameneyo. Atamaliza, mnyamatayo anatola kope lake ndi kapu yake yothyoka chogwirira.

“Sikuti ndakuda ayi,” anatero Mphezi. “Ndi nthawi chabe.”

“Ndamva.”

Nkhono anakakhala pa kompyuta ya kuchitseko, yaphokoso ngati chigayo, imene aliyense ankaithawa.

Kunena zoona, ntchito inathamanga. Mphezi ankalemba, kudina batani, manambala n'kutuluka oyera ngati ochapa. Mwana wa chaka chimodzi, makilogalamu asanu ndi anayi ndi theka. Wa zaka ziwiri, khumi ndi awiri. Zithunzi zinkakwera bwinobwino ngati msewu wa paphiri. “Si izi!” ankadziuza. Koma chithunzi chikatuluka chokongola, khosi lake linkatembenukira lokha kumanzere, pakamwa pali mawu akuti “taona,” n'kupeza mpando wopanda munthu. Kawiri konse anagula malalanje awiri pachipata mosaganiza, lachiwirilo n'kufotera m'chikwama. Lake ankasenda ndi zikhadabo, khungu likuduka tizidutswatizidutswa, ndipo silinkakoma.

Anazindikiranso kuti dzuwa likapendeka, galasi la windo linkaonetsa chipinda chonse cha kumbuyo kwake. Mmenemo ankaona Nkhono atawerama kuchitseko, chala pagalasi la kompyuta, magalasi akutsetsereka pamphuno. Ankamuyang'ana motero nthawi yaitali, msana ataupereka. Anamusowa kwambiri, kusowa kwenikweni kumene kumachotsa kukoma m'chakudya. Koma mtima wodzikuza uli ndi masamu akeake: ankati ndikamaliza ndikamupepesa, tikasankhidwa tonse zidzaiwalika.

Woyang'anira chipindacho, bambo wachikulire amene ankamveka ndi kulira kwa makiyi asanaoneke, mpaka ophunzira anangowatcha a Makiyi, anaima pambali pake tsiku lina.

“Achemwali, mpando uwu ndiuchotse? Ena akusowa pokhala.”

“Usiyeni, bambo.”

“Mukusungira alendo?”

“Ndangoti usiyeni.”

“Ndiusiya,” anatero a Makiyi, akuyang'ana kuchitseko. “Komatu kuchokera pano kufika apo ndi mapazi khumi ndi awiri. Ndimawerenga tsiku lililonse ndikamasesa.”

Kutatsala sabata imodzi, Nkhono ndiye anayenda mapazi khumi ndi awiriwo. Anaima chapatali pang'ono, kope lili kukhwapa.

“Mphezi, khodi yakoyo uyeseko pa kompyuta ina. Pa akaunti ina.”

Mtima wa Mphezi unadumpha ndi chimwemwe pomva mawu ake, koma pakamwa panatsogola. “Yako yatha kuti uziyang'anira za eni?”

Nkhono anabwerera kuchitseko.

Tsiku loonetsa linafika. Nkhono anaonetsa m'mawa: kantchito kakang'ono, ka chipatala chimodzi chokha, kopanda zokongoletsa, koma Adokotala anafunsa mafunso asanu ndipo onse anayankhidwa. Kenako inafika nthawi ya Mphezi. Anapereka fayilo yake, Adokotala anaiika pa kompyuta yawo, n'kudina batani. Khodi inayenda popanda kudandaula kulikonse. Pakhoma panatuluka manambala akuluakulu kuti aliyense aone.

Mwana wa chaka chimodzi: makilogalamu 312.

Kenako wina kumbuyo anafunsa mwaulemu kuti, “Pepani, ameneyo ndi mwana kapena ng'ombe?” ndipo chipinda chinagwa ndi kuseka. Chithunzi chinatuluka ngati mano a sowo. Mwa anthu onse, mmodzi yekha sanaseke. Ankayang'ana nsapato zake.

“Adokotala, dzulo lomweli zinatuluka bwinobwino! Makilogalamu asanu ndi anayi ndi theka, ndinaona ndi maso angawa!”

“Ndikukukhulupirira,” anatero Adokotala modekha. “Ndiye funso ndi lakuti, mchere unkaupempha khomo liti? Ndakupatsa masiku awiri.”

Mphezi anakwera masitepe osaona kumene akuponda. Anakhala pawindo, n'kuyendetsa khodi yomweyo: makilogalamu asanu ndi anayi ndi theka. Pamenepo ndi pamene anachita chimene sanachitepo chiyambire. Analemba dzina la fankishoni yowerengera kaundula, imene imabwera kale ndi chiyankhulocho ndipo aliyense amaigwiritsa ntchito osaiganizira, n'kufunsa kompyuta kuti imeneyi ikuitenga kuti. Sinali ija ya aliyense. Inali ina ya dzina lomwelo, yokhala m'kafayilo kamene kankadzitsegukira kokha nthawi iliyonse akaunti yawo ikayatsidwa. Khodi yake ikaitana dzinalo, inkayamba kupeza imeneyi, khomo loyandikana nalo, ndipo sinkapitirira.

Anatsegula kafayiloko. Munali mizere yoposa mazana asanu ndi limodzi, ndipo pamwamba pa kachidutswa kalikonse panali timawu ta ndemanga, tija kompyuta imatidumpha koma munthu amawerenga, tili ndi tsiku lake. Yoyambirira inali ya chaka chachiwiri.

“Apa Mphezi amasinthanitsa mwezi ndi tsiku akatopa. Ndakonza. Osamuuza. Ndinamuuzapo pamaso pa anthu, anakhala sabata osandilankhula, ndipo sabata imeneyo inali yaitali.”

Anatsika mmunsi.

“Amaiwala kuti manambala ena amabwera ngati mawu. Apa akusandulika okha.”

“Lero chithunzi chatuluka chozondoka, waseka mpaka misozi. Ichi sindikonza msanga.”

Kenako ya chaka chino. “Anamwino akapanda kumuyeza mwana ankalemba 999. Apa ndikuzichotsa, zilipo zoposa zikwi zitatu.” Ndipo pansi pake: “Chipatala chachitatu, miyezi ina ankalemba magalamu m'malo mwa makilogalamu. Ndapeza pamzere 18,406.”

Mzere 18,406. Mphezi anakumbukira chala chija pagalasi, ndi iye mwini akunena za kuvula nsapato pakhomo. Zaka zitatu ankathamanga pamsewu wosalala n'kumadzitama ndi miyendo yake, osadziwa kuti pali wina amene amadzuka kukachotsamo miyala. Ndemanga yomaliza inali ya tsiku limene pepala linamatidwa pachitseko, ya mphindi makumi awiri zija.

“Ukafika pano ndiye kuti zavuta. Ndimafuna ndikuuze pakamwa, koma ungaganize kuti ndikudzigulira malo. Ndinalakwa kubisa, Adokotala ananena zoona za mchere. Tenga mizere 340 mpaka 612 uike m'khodi yako, koma uyambe waiwerenga umodziumodzi. Si iwe wopusa, umangothamanga. Pepala la pansi pa mpando limafuna kusintha mwezi uliwonse, apo ayi umagwetsa munthu.”

Mphezi anatembenuka, ulendo uno thupi lonse. Kompyuta ya kuchitseko inali yozima, ndipo kapu yothyoka chogwirira panalibe. A Makiyi anadutsa ndi tsache lawo, anaona misozi, n'kupitirira.

Ngakhale pamenepo Mphezi anachedwa. Anati sangapite kwa Nkhono chimanjamanja. Ayambe wakonza ntchito, akamuonetse kuti wamva. Masiku awiri anakhala pa kaundula mzere ndi mzere, chala pagalasi, mpaka anapeza zolakwika zina ziwiri zimene ngakhale Nkhono sanazione, ndipo anafunitsitsa kumuuza. M'mawa wa tsiku lachitatu anapereka ntchitoyo ili ndi mayina awiri pachikuto, la Nkhono pamwamba, n'kufotokozera Adokotala zonse osabisa kanthu.

Adokotala anaiyendetsa. Makilogalamu asanu ndi anayi ndi theka.

“Nonse awiri munalakwa,” anatero. “Iye anakubisira chithandizo, iwe sunafunse kumene chikuchokera. Koma munthu amene wabwera yekha kudzanena zotere ndingagwire naye ntchito. Malo amodzi ndi ako.”

“Nanga enawo?”

Adokotala anatsegula kabati n'kutulutsa kalata. “Enawo ndinasungira mnzakoyo kuyambira kale. Anandilembera sabata yatha kuti wapeza ntchito yosunga kaundula pachipatala china chakutali, ulendo wa tsiku lathunthu. Ndinamunyengerera, anakana. Ndamva kuti akunyamuka lero masana.”

Aka kanali koyamba kuti liwiro la Mphezi likhale ndi ntchito yeniyeni. Anafika padepoti thukuta lili kamukamu, n'kuyamba kusuzumira basi ndi basi. Anamupeza atakhala kale pampando wa pawindo, chikwama pamiyendo, akuwerenga tikiti yake mwina kachitatu. Anagogoda galasi, Nkhono n'kulitsegula.

“Ndawerenga,” anatero Mphezi, mpweya ukumuthera. “Zonse. Mpaka za mpando.”

“Zayenda?”

“Zayenda. Nkhono, pepa. Ndinakulakwira kwambiri. Tsika, malo ako alipo, Adokotala sanapatse munthu.”

Nkhono anakankhira magalasi m'mwamba. Nkhope yake inalibe mkwiyo, ndipo zimenezo ndi zimene zinamuwawa kwambiri Mphezi.

“Ndinasaina kale, akundidikira Lolemba. Ndiponso kumeneko ndi kumene ma 999 aja amabadwira. Pakufunika wina wokhala pafupi ndi anamwino, wosafulumira.”

“Tinapangana kuti titsala tonse.”

“Tinapangana.”

“Ndinkakuona tsiku lililonse, ukudziwa? Pagalasi la windo. Masabata atatu onse.”

“Ndikudziwa,” anatero Nkhono. “Nanenso ndinkakuona ukundiona. Kalata ija ndinayenda nayo m'thumba masabata awiri osaipereka. Ndinkati mwina utembenuka.”

Mphezi anapisa m'chikwama n'kupeza lalanje limene anagula m'mawa mosaganiza, n'kumupatsira pawindo. Nkhono analilandira ndi manja awiri. Injini inalira, kondakitala anamenya chitseko, ndipo basi inayamba kusuntha pang'onopang'ono pakati pa ogulitsa malonda. Mphezi anayenda nayo pambali mpaka pachipata. Pamenepo dzanja linatuluka pawindo n'kumupatsa kanthu: khungu la lalanje, lonse lathunthu, chingwe chimodzi chosaduka. Basi inakhota, fumbi n'kutsala.

Chaka chotsatira Mphezi anatsala, monga ankafunira, pawindo pomwe paja. Malo achiwiri anapatsidwa munthu wina, wakhama ndithu, amene anakonda kukhala kutsogolo. Mphezi amalemberana ndi Nkhono mwa apo ndi apo, mauthenga aulemu, afupiafupi, onena za mvula ndi za anamwino. Chija chinalibe dzina chinapita chopanda dzina. Ophunzira atsopano amadabwa kumva kuti mayi amene amakhala ola lathunthu chala chili pagalasi, akuwerenga kaundula mzere ndi mzere, dzina lake ndi Mphezi. Amati mwina anamutcha mwachipongwe.

Kumayambiriro kwa mwezi uliwonse Mphezi amang'amba pepala m'kope, kulipinda kanayi, n'kugwada kulilowetsa pansi pa mwendo wa mpando umene sakhalapo munthu. Tsiku lina a Makiyi anamupeza ali chogwada chomwecho. Anaima, makiyi ali chete m'manja.

“Achemwali, chitsime chija chinkakhala pampando apa, madzi ake munkamwa tsiku ndi tsiku, simunasuzumiremo n'kamodzi komwe?”

“Ayi, bambo,” anayankha Mphezi, osadzutsa mutu. “Ndinkaona ngati amangobwera.”

A Makiyi anapukusa mutu n'kupitiriza kusesa mapazi awo khumi ndi awiri. Akuluakulu sananame: chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa.